Mitsinje ikuluikulu ya pa nthaka youndana ndi kusintha kwa nyengo: mafunso ndi mayankho

Kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ku Siberia, ku Alaska ndi kumtunda kwa Canada, kuli mitsinje imene ambiri aife sitinaimvepo n'komwe mayina ake, chonsecho ili m'gulu la mitsinje ikuluikulu padziko lonse. Imayenda pa nthaka imene yakhala chiundanire kwa zaka zikwizikwi. Nthakayo yayamba kusungunuka, ndipo mitsinje nayo yayamba kusintha khalidwe. Anthu okhala m'mphepete mwake ndiwo ayamba kulawa zowawa zake.

Kodi nthaka youndana imeneyi n'chiyani kwenikweni?

Akatswiri amaitcha permafrost. Ndi dothi, miyala kapena matope amene kuzizira kwake kumakhala pa madigiri 0 kapena kutsikirapo kwa zaka ziwiri zotsatizana kapena kuposa. Zaka ziwirizo ndi mlingo woyambira chabe, chifukwa yambiri inaundana kalekale anthu asanayambe n'kulima komwe. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a dziko la Russia ali m'dera la nthaka yotere, ndipo m'malo ena a ku Yakutia, dera la kum'mawa kwa Siberia, kuundanako kumalowa pansi mpaka mamita pafupifupi 1,500.

Pamwamba pake pamakhala kagawo kamene kamasungunuka m'chilimwe n'kuundananso kuzizira kukabwera. Kagawoka kamayambira masentimita owerengeka mpaka mamita angapo, ndipo m'menemo ndi mmene udzu, zitsamba ndi mitengo zimazika mizu. Pansi pake ndi pouma gwa.

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti m'nthakamo muli ayezi weniweni, wina wopyapyala wosakanikirana ndi dothi, wina zigulu zazikulu zolowa pansi mamita ambirimbiri. Dothi lina la ku Siberia ndi ku Alaska, limene amalitcha yedoma, ayezi amaposa theka la thupi lake. Ayezi ameneyu ndiye wagwirizira dothi. Akasungunuka, malo amene anali olimba amatitimira, amasanduka thope kapena chithaphwi, ndipo chilichonse chimene chinali pamwamba chimapendekeka.

Mitsinje yake ndi iti?

Ku Russia ikuluikulu ndi Ob, Yenisei, Lena ndi Kolyma. Ob ndi Yenisei imathira m'nyanja ya Kara, Lena m'nyanja ya Laptev, Kolyma m'nyanja ya East Siberian. Ku North America kuli Mackenzie, umene umachoka m'nyanja ya Great Slave ku Canada n'kukathira m'nyanja ya Beaufort, komanso Yukon wautali makilomita oposa 3,000, wodutsa ku Canada ndi ku Alaska mpaka m'nyanja ya Bering. Anthu a mtundu wa Dene amautcha Mackenzie kuti Deh Cho.

Pa yonseyi Yenisei ndiwo umatengera madzi ambiri kunyanja ya Arctic, nyanja yaikulu ya kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Lena ndi wautali makilomita oposa 4,200, umayambira m'mapiri a kufupi ndi nyanja ya Baikal, ndipo mathiriro ake, pamene umagawikana m'timitsinje ndi tizilumba tosawerengeka, ndi aakulu pafupifupi masikweya kilomita 30,000. Kumeneko n'kufanana ndi kukula kwa nyanja ya Malawi yonse.

Sikuti yonse imayenda pa nthaka youndana mofanana. Chigwa cha Kolyma chonse chili pa nthaka yotere, cha Lena mbali yaikulu, pamene cha Ob ndi mbali ya kumpoto yokha. Nyanja ya Arctic ili ndi 1 peresenti yokha ya madzi a m'nyanja zamchere zonse, koma imalandira madzi oposa 10 peresenti a mitsinje yonse ya padziko. N'chifukwa chake mitsinjeyi ikasintha, nyanjayo nayo imamva.

Imasiyana bwanji ndi mitsinje ina?

Kumadera ofunda mvula ikagwa, ina imalowa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe, ndipo ndi madzi amenewa amene amasunga mtsinje mvula ikatha. Pa nthaka youndana madzi alibe kolowera. Zimakhala ngati mvula yogwa pa denga la malata: yonse imatsetsereka nthawi imodzi.

Choncho mitsinjeyi imakhala ndi moyo wa mbali ziwiri. Kuyambira cha mu Okutobala mpaka Meyi imakhala yofunditsidwa ndi ayezi wokhuthala mita imodzi kapena kuposa, ndipo pansi pake pamayenda madzi ochepa. Timitsinje tina timaundana mpaka pansi penipeni. Ndiye kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni, chipale chofewa chonse chimene chinaunjikana miyezi isanu ndi iwiri chimasungunuka m'masabata ochepa. Lena amene m'nyengo yozizira amayenda ndi makiyubiki mita masauzande owerengeka pa sekondi, mu Juni amatha kupitirira 100,000. Madzi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a chaka chonse amadutsa m'mwezi umodziwo.

Nsomba, mbalame, maulendo a maboti, nthawi yotchera maukonde, nthawi yodula udzu wa ng'ombe ndi mahatchi m'madambo a m'mphepete mwa Lena, zonse zinazolowera ndondomeko imeneyi.

Nanga kumeneko kwatentha motani?

Kafukufuku wa akatswiri a zanyengo a ku Finland amene anatuluka mu 2022 anapeza kuti kuyambira 1979 dera la Arctic lakhala likutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuyerekeza ndi dziko lonse. Pa 20 Juni 2020, tauni ya Verkhoyansk ku Siberia, m'mphepete mwa mtsinje wa Yana, yodziwika ngati amodzi mwa malo ozizira kwambiri amene anthu amakhalako, inatentha kufika madigiri 38. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linatsimikizira chiwerengerochi mu 2021.

Kodi madzi a m'mitsinjeyi akuchuluka kapena akuchepa?

Mukaphatikiza yonse, akuchuluka. Russia ili ndi mwayi woti yakhala ikuyeza mitsinje yake kuyambira m'ma 1930, ndipo mu 2002 akatswiri anasonyeza kuti madzi ochoka m'mitsinje isanu ndi umodzi ikuluikulu ya kumpoto kwa Europe ndi Asia anawonjezeka ndi 7 peresenti pakati pa 1936 ndi 1999. Kuchoka pamenepo kukwerako kwapitirira. Chifukwa chachikulu n'chakuti mpweya wofunda umanyamula chinyezi chambiri kupita kumpoto, motero mvula ndi chipale chofewa zikugwa zochuluka.

Koma chimene chasintha kwambiri ndi nthawi imene madziwo akubwera. Kusefukira kwa pachaka kukuyamba msanga. Ndipo m'nyengo yozizira, pamene mitsinje inkatsala pang'ono kugona, madzi oyenda pansi pa ayezi awonjezeka. Kagawo kapamwamba kakamasungunuka mozama, nthaka imayamba kumwa madzi n'kuwasunga, kenaka n'kumawatulutsa mochedwa. M'malo ena mwatseguka njira za madzi zosaundana chaka chonse, zimene akatswiri amazitcha talik, ndipo madzi a pansi pa nthaka akupeza polowera mumtsinje ngakhale mu Januwale.

Wina angaganize kuti madzi akachuluka ndiye kuti chilala kulibe. Ayi ndithu. Nyanja ya Great Slave, imene imadyetsa Mackenzie, inadzaza kuposa kale lonse mu 2020, koma pofika 2024 inali itatsika kuposa kale lonse chifukwa cha chilala cha zaka zotsatizana kumtunda kwa chigwacho. Chaka chimenecho mabwato onyamula katundu analephera kufika ku Norman Wells ndi ku Tulita, midzi imene ilibe msewu wodutsika chaka chonse. Mafuta anachita kubwera pa ndege, ndipo mitengo ya zinthu inakwera moti anthu anasowa pogwira.

Kodi si madamu amene akusintha kayendedwe ka madziwa?

Funsoli n'loyenera, ndipo yankho lake n'lakuti mbali ina ndi madamu. Pa Yenisei pali madamu aakulu a Krasnoyarsk ndi Sayano-Shushenskaya, pa Angara wothira mu Yenisei pali a Irkutsk, Bratsk, Ust-Ilimsk ndi Boguchany, pa Ob pali la Novosibirsk, pa Vilyuy wothira mu Lena paliponso, ngakhale pa Kolyma. Damu lamagetsi limagwira madzi m'chilimwe n'kuwatulutsa m'nyengo yozizira pamene magetsi akufunika kwambiri, choncho limakweza madzi a nyengo yozizira kumunsi kwake. Munthu woyeza Yenisei osaganizira madamu akhoza kunamiza anthu.

Komabe damu silipanga madzi atsopano, ndiye silingafotokoze chifukwa chake madzi a chaka chonse akuwonjezeka. Komanso kukwera kwa madzi a nyengo yozizira kukuoneka m'mitsinje yopanda damu lililonse, kuphatikizapo yambiri ya m'chigwa cha Yukon.

Timamva za kusefukira kobwera ndi ayezi. Kumachitika bwanji?

Apa mpofunika kuona kumene mitsinjeyi imalowera. Ob, Yenisei, Lena ndi Mackenzie imachoka kummwera kupita kumpoto. Kummwera kumafunda msanga, chipale chimasungunuka, mtsinje umadzaza n'kuyamba kutsika, koma kumpoto ayezi amakhala adakali wolimba. Madzi amanyamula ayeziyo n'kumuthyola, ndipo zibenthu zina zimakhala zazikulu kuposa bwalo la mpira. Zikafika pokhota, pachilumba kapena pamalo osaya, zimatsamirana, zina zimalowa pansi pa zinzake, zina zimakwerana, mpaka zimatseka mtsinje wonse. Kuseri kwa mpandawo madzi amakwera mamita angapo m'maola ochepa, nthawi zina usiku anthu ali m'tulo. Ndipo madzi ake sabwera okha. Amabwera ndi zibenthu za ayezi zimene zimagumula makoma, kusenda makungwa a mitengo ndi kukankha nyumba zamatabwa kuzichotsa pa maziko.

Mu Meyi 2001 zimenezi zinachitikira tauni ya Lensk m'mphepete mwa Lena. Madzi anakwera pafupifupi mamita 20 pa choyezera, tauni yonse inamira, ndipo mbali yaikulu inachita kumangidwanso. Ndege zankhondo zinaponya mabomba pa ayezi kuti mtsinje utseguke. Pa Yukon, mudzi wa Eagle unagumuka mu 2009 ndipo Galena inamira mu 2013. Ku Canada, anthu a ku Fort Simpson anasamutsidwa mu 2021, a ku Hay River mu 2022.

Kusefukira kotereku kunalipo kuyambira kale, ndipo si chilungamo kunena kuti chilichonse mwa zochitikazi chinabwera ndi kusintha kwa nyengo kokha. Kutentha kumakokera mbali ziwiri. Ayezi akapyapyala n'kuwomba dzuwa pang'onopang'ono, amafewa n'kusungunukira pomwepo, ndipo mtsinje umatseguka mwakachetechete. Koma chipale chikagwa chambiri, kenaka kutentha n'kubwera mwadzidzidzi ayezi adakali wolimba, kusefukira kumakhala koopsa kuposa kale. Chimene chatayika ndi kudziwiratu. Akuluakulu amene ankayang'ana mtundu wa ayezi ndi kumene mphepo ikuchokera n'kuuza anthu kuti yakwana nthawi yokweza katundu kumtunda, masiku ano zizindikiro zawo sizikugwiranso monga kale.

Kodi pali umboni woti ayezi akusweka msanga?

Ulipo, ndipo wina unasungidwa ndi anthu wamba. Ku Nenana, pa mtsinje wa Tanana wothira mu Yukon, kuyambira 1917 anthu amaimika chimtengo cha miyendo pa ayezi, n'kuchimangirira chingwe cholumikiza ku wotchi ya pamtunda. Ayezi akasuntha, chingwe chimakoka ndipo wotchi imaima. Anthu amabetcha kulosera tsiku ndi mphindi yake. Masewerawa asiya kaundula wa zaka zoposa 100, ndipo akusonyeza kuti tsiku losweka ayezi lakhala likusendera kutsogolo. Mu 2019 wotchi inaima pa 14 Epulo, msanga kuposa zaka zonse. Ku Dawson City pa Yukon akhala akulemba kuyambira 1896, ndipo nako kukuoneka zomwezo.

Nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa kumeneko mtsinje woundana ndiwo msewu. Mzinda wa Yakutsk, wa anthu oposa 300,000, uli tsidya lina la Lena pamene njanji ndi msewu waukulu zili tsidya linalo. M'chilimwe magalimoto amaoloka pa pantoni, m'nyengo yozizira amayenda pa ayezi. Pakati pa nyengo ziwirizi pamakhala masabata amene ayezi ndi wochuluka moti pantoni wamba singadutse, koma ndi wosalimba moti lole singaponde. Masabata amenewa akamatalika, katundu amachedwa ndipo mitengo imakwera. M'midzi ya ku Alaska alenje oyenda pa njinga zamoto za pa chipale akugwera m'malo amene makolo awo ankadutsa osaopa, chifukwa madzi ofunda ochoka pansi amadya ayezi chakunsi pamwamba pakuoneka bwinobwino.

Nanga magombe akugumuka?

M'malo a ayezi wambiri akugumuka moonekeratu. Madzi a mtsinje amasungunula tsinde la gombe n'kupanga phanga lolowa mkati mamita angapo. Pamwamba udzu ndi mitengo zimakhala zili chiimire, kenaka chigulu chonse chimang'ambika n'kugwera m'madzi. Pa chilumba cha Sobo-Sise m'mathiriro a Lena pali phompho la yedoma limene zaka zina limabwerera m'mbuyo mamita oposa 10. Ku Duvanny Yar pa Kolyma, gombe likamagumuka pamatuluka mafupa a mammoth (nyama zonga njovu zimene zinatha kalekale), njati ndi mahatchi a zaka zikwi makumi angapo zapitazo, ndipo thope lake limanunkha zowola.

Mudzi wa Newtok ku Alaska, wa anthu a mtundu wa Yup'ik, unadyedwa ndi mtsinje wa Ninglick chaka ndi chaka mpaka anthu anagwirizana zosamuka. Mabanja oyamba anaolokera kumalo atsopano a Mertarvik mu 2019, patapita zaka zambiri akuyendera maofesi a boma kufunafuna ndalama zosamukira. Malamulo a thandizo la pangozi analembedwa poganizira tsoka logwa tsiku limodzi, osati lodya mudzi pang'onopang'ono, ndipo anthuwa anavutika nthawi yaitali chifukwa cha mpata umenewu. Kusiya manda a makolo kuti mtsinje uwatenge si chinthu chimene ndalama ingalipire.

Ngakhale zili choncho, mitsinje yonse sikuchita zofanana. Kafukufuku wa mu 2024 wa pa mtsinje wa Koyukuk, wothira mu Yukon, anapeza kuti nthaka youndana imachepetsa liwiro limene mtsinje umadyera gombe ndi pafupifupi theka, kutanthauza kuti ikasungunuka kudyako kudzafulumira. Koma wina wa mu 2023, amene anayerekeza zithunzi za setilaiti za zaka 50, anapeza kuti mitsinje ingapo ikuluikulu yokhotakhota ya ku Alaska ndi Canada yachepetsa kusuntha kwake ndi pafupifupi 20 peresenti. Chifukwa chimene ofufuzawo anapereka n'chakuti kutentha kwameretsa zitsamba zambiri m'magombe ndipo mizu yake ikugwira dothi. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona, malinga ndi dothi la pamalopo.

Kodi madziwo ndi abwinobe kumwa ndi kukhalamo nsomba?

M'malo ambiri inde, koma pali zizindikiro zodetsa nkhawa. M'mapiri a Brooks Range ku Alaska, timitsinje timene tinali toyera mbee tasanduka tofiirira ngati dzimbiri. Kafukufuku wa mu 2024 anawerenga malo 75 otere, kuphatikizapo mtsinje wa Salmon m'dera la Kobuk. Miyala imene inali yotsekeredwa m'nthaka youndana yakumana ndi madzi ndi mpweya, ndipo ikutulutsa asidi pamodzi ndi ayironi, zinki, kopa ndi zitsulo zina. Kumeneko kulibe mgodi kapena fakitale. Pa kamtsinje kena kamene ankakayeza, nsomba ndi tizilombo ta m'madzi zinachepa kwambiri madzi atangosintha mtundu.

M'chigwa cha Peel, wothira mu Mackenzie, m'dziko la anthu a mtundu wa Gwich'in, mapiri a dothi la ayezi akutsetsereka n'kusiya zilonda zazikulu zimene zimakula chilimwe chilichonse. Thope lake limatsikira m'timitsinje n'kukwirira miyala imene nsomba zimaikirapo mazira. Chilonda chotchuka kuposa zonse ndi Batagaika ku Yakutia, m'chigwa cha Yana, chotalika pafupifupi kilomita imodzi. Chinayamba nkhalango ya pamalopo itadulidwa cha m'ma 1960, dzuwa n'kuyamba kuwomba nthaka imene inali pamthunzi.

Palinso mercury, chitsulo chapoizoni. Nthaka youndana inasunga mercury wambiri amene anamatirira ku zomera zakufa, ndipo magombe akamagumuka amalowa m'mitsinje. Akafika m'madambo opanda mpweya wokwanira, tizilombo tosaoneka timamusandutsa poizoni wolowa m'nsomba. Kwa anthu amene ndiwo yawo ya tsiku ndi tsiku ndi nsomba, iyi si nkhani yaing'ono.

Kodi ngozi ya mafuta ya ku Norilsk inabwera chifukwa cha nthaka yosungunuka?

Pa 29 Meyi 2020 thanki ya dizilo ya kampani yamagetsi imene ili pansi pa kampani ya migodi ya Nornickel inang'ambika pafupi ndi mzinda wa Norilsk, kumpoto kwa Siberia, ndipo matani pafupifupi 21,000 anatayika, ambiri n'kulowa mumtsinje wa Ambarnaya umene unafiira. Kampaniyo poyamba inaloza chala kusungunuka kwa nthaka pansi pa mizati. Ofufuza a boma anapeza zolakwika pa kamangidwe ndi kasamalidwe ka thankiyo, ndipo mu 2021 khoti linalamula kuti alipire ma rouble 146 biliyoni. Nthaka ikufooka ndithu, ndipo nyumba zambiri za ku Norilsk ndi Yakutsk zoimikidwa pa mizati zili ndi ming'alu. Koma mwini thanki akudziwa kuti pansi pakusintha, udindo wake woyang'anira umakula, sutha.

Anthu odalira nsomba zikuwathera bwanji?

Pa Yukon ndi pamene pali chisoni chachikulu. Kwa mibadwomibadwo, Juni akafika mabanja a Yup'ik ndi Athabascan ankasamukira kumisasa ya m'mphepete mwa mtsinje kukadikira nsomba za salmon zochoka kunyanja. Abambo ankatchera maukonde kapena kuika mawilo amatabwa ozungulira ndi mphamvu ya madzi, okhala ndi madengu otunga nsomba. Amayi ankazitumbula, kuzilenga timizere tatitali, kuziyanika pa mitanda, kenaka kuzifukiza m'tinyumba tautsi kwa masabata. Ana ankaphunzira pomwepo kugwira mpeni, chinenero chawo ndi mayina a malo.

Mu Julayi 2019 madzi anatentha kwambiri moti salmon zambirimbiri za mtundu wa chum zinapezeka zakufa m'mphepete mwa Koyukuk, mazira ali m'mimba. Kuyambira 2021 usodzi wa salmon pa Yukon wakhala wotsekedwa kapena wochepetsedwa kwambiri, ngakhale wongopezera chakudya cha pakhomo. Mu 2024 Alaska ndi Canada anagwirizana zoletsa kugwira salmon za mtundu wa chinook zobadwira ku Canada kwa zaka zisanu ndi ziwiri, umene ndi moyo wonse wa nsomba imodzi. Zifukwa zake n'zingapo: kutentha kwa mtsinje, kutentha kwa nyanja ya Bering, matenda, komanso nsomba zokodwa mwangozi m'makoka a sitima zikuluzikulu, zimene anthu a m'midzi amadandaula nazo kwambiri. Zimapweteka kuona kuti amene aletsedwa kuponya ukonde ndi anthu amene sanathe nsombazo. Tinyumba tautsi tili pululu, ndipo pali ana amene akukula osapitako kumsasa.

Ku Yakutia vuto lina lili pa kasungidwe. Anthu amakumba nkhokwe m'nthaka youndana mosungira nyama, nsomba ndi zibenthu za ayezi zimene amadula kumayambiriro kwa nyengo yozizira kuti akhale madzi akumwa. Nkhokwe zina zayamba kudontha ndi kulowa madzi. Zomwezi zikuchitika kumpoto kwa Alaska, kumene anthu a Iñupiat amasungiramo nyama ya namgumi.

Kodi mitsinjeyi ikuwonjezera kutentha kwa dziko?

Inde, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imafikira aliyense. M'dera la nthaka youndana muli carbon wokwana matani pafupifupi 1,500 biliyoni, wochoka ku udzu, mizu ndi nyama zimene zinafa koma sizinawole chifukwa cha kuzizira. Ameneyu ndi pafupifupi kawiri carbon yense amene ali mumlengalenga lero. Zikasungunuka zimayamba kuwola, ndipo zimatulutsa mpweya wa carbon dioxide, kapena wa methane ngati zili pansi pa madzi, mipweya imene imatenthetsa dziko.

Mitsinje ndiyo mtengatenga wake. Imakokolola zowolazo, ndipo zochoka m'yedoma tizilombo timazidya msangamsanga, moti zambiri zimasanduka mpweya zisanafike n'kunyanja komwe. Zina zimakwiririka m'matope a m'mathiriro ndi pansi pa nyanja, kumene zimatha kukhala nthawi yaitali. Sikuti carbon yenseyu adzatuluka tsiku limodzi ayi. Adzatuluka pang'onopang'ono kwa zaka makumi ndi mazana, ndipo kuchuluka kwake kudzatengera mmene dziko litenthere. Choopsa chake n'chakuti fakitale mukhoza kuitseka, koma dambo limene layamba kuwola mulibe pozimitsira.

Madzi a mitsinjeyi amatengeranso kutentha kunyanja ya Arctic, ndipo amathandizira kusungunula ayezi wa m'mphepete mwa nyanja kumayambiriro kwa chilimwe. Ayezi woyera akachoka, madzi akuda amamwa dzuwa lochuluka.

Kodi nthaka youndana ili kumpoto kokha?

Ayi. Iliponso pamapiri aatali, makamaka ku Tibet ku Asia, kumene ikukwana pafupifupi masikweya kilomita 1 miliyoni. Mitsinje ya Yangtze, Yellow ndi Mekong imayambira kumeneko. Nthaka ya ku Tibet ndi yofundirako kale, yongotsala pang'ono kufika pa 0, choncho sichedwa kusungunuka. Njanji yopita ku Lhasa, mzinda waukulu wa ku Tibet, imene inatsegulidwa mu 2006, imadutsa makilomita pafupifupi 550 pa nthaka yotere.

Ife a kuno kummwera kwa Africa zikutikhudza pati?

Mpweya sudziwa malire. Carbon wotuluka m'gombe la Kolyma amasakanikirana ndi mpweya wa dziko lonse, ndipo amawonjezera kutentha komwe kukuchititsa kuti mvula ya anamondwe izigwa yamphamvu ndi kuti ng'amba zizipweteka kwambiri. Sitinganene kuti namondwe Freddy wa mu 2023 anabwera chifukwa cha Siberia. Chimene tinganene n'chakuti mpweya uliwonse wotuluka m'nthaka imeneyi umachepetsa mpata umene maiko atsala nawo kuti akwaniritse mgwirizano wa ku Paris wa mu 2015, woti kutentha kusapitirire madigiri 1.5 kapena 2. Mlimi wa ku Nsanje ndi msodzi wa pa Yukon onse awiri akulipira ngongole imene sanakongole.

Pali ubale winanso wooneka ndi maso. Timbalame tina ta m'matope, monga little stint ndi curlew sandpiper, timaswana m'madambo a kumpoto kwa Siberia mu Juni ndi Julayi, kenaka timauluka mpaka ku Africa, ndipo timaoneka m'malo ngati nyanja ya Chilwa m'miyezi ya dzinja lathu. Anapiye ake amadalira tizilombo timene timabuka chipale chikangosungunuka. Chipale chikasungunuka msanga, tizilombo timatha kuchuluka anapiye asanaswedwe.

Kodi nthaka yosungunuka ingaundanenso? Pali chimene chikuchitika?

Pansi pa nyumba, msewu kapena paipi n'zotheka kuisunga yozizira. Akatswiri amazika mapaipi otsekedwa okhala ndi mpweya wapadera, otchedwa thermosyphon, amene m'nyengo yozizira amakoka kutentha kwa pansi n'kukutayira kunja popanda magetsi. Ali m'mbali mwa paipi yamafuta ya Trans-Alaska ndi njanji ya ku Tibet. Ku Yakutsk kuli Melnikov Permafrost Institute imene yakhala ikufufuza za kamangidwe pa nthaka yotere kwa zaka zambiri, ndipo pa chilumba cha Samoylov m'mathiriro a Lena pali malo ofufuzira amene akatswiri a ku Russia ndi ku Germany ankagwirira limodzi. Chiyambire nkhondo ya ku Ukraine mu 2022 mgwirizano wotere unaima, ndipo ziwerengero zochoka ku Siberia, kumene kuli mbali yaikulu ya nthakayi, sizikufikanso kwa ofufuza a maiko ena monga kale. Kumeneku ndi kutaya kwakukulu pa nthawi imene maso ambiri akufunika.

Koma chigwa chonse cha mtsinje simungachiikire mapaipi. Ayezi wa m'yedoma anaunjikana kwa zaka zikwi makumi angapo m'nyengo yozizira kuposa ya lero, ndipo akasungunuka n'kutsikira mumtsinje sabwereranso m'nthawi ya moyo wa munthu kapena wa zidzukulu zake. Chimene chingatheke n'kuchepetsa kukula kwa dera limene lisungunuke, ndipo zimenezi zikudalira mmene maiko otentha malasha, mafuta ndi gasi wambiri achepetsere utsi wawo. Pakadali pano midzi ya m'mphepete mwa mitsinje ikuchita zimene ingathe: kukweza nyumba, kusuntha zimene zili pafupi ndi gombe, kuyeza kukhuthala kwa ayezi ndi kuchenjezana pa wailesi ndi pa Facebook za malo oopsa. Ku Alaska, Epulo ndi Meyi akafika, akatswiri a zanyengo amauluka pa ndege zazing'ono kutsatira kumene ayezi wafika posweka pa Yukon ndi Kuskokwim, n'kumadziwitsa midzi ya kumunsi kuti ikonzeke madzi asanafike.